Katundu Wosatha Kukonzedwa

Pa mawu achilendo amene alowa m'Chichewa cha m'makwalala a Blantyre m'zaka zapitazi, ndi ochepa amene amatchulidwa ndi mkwiyo wonga umene umatsagana ndi liwu loti apudeti. Liwuli limamveka pa mabenchi a okonza mafoni mu msika wa Ndirande, m'maminibasi a ku Bangwe, ndiponso pa timatebulo ta maejenti otumiza ndalama ku Zingwangwa. Tanthauzo lake ndi lakuti opanga pulogalamu ya mu foni kapena ya mu kompyuta atulutsa mtundu watsopano wa pulogalamuyo, ndipo akupempha mwini foni kuti aulowetse m'malo mwa wakale. Mwini foni amauona uthengawo nautseka. Mawa lake ubweranso. Pakapita masabata angapo ubwera ndi chenjezo lakuti akapanda kumvera, pulogalamuyo ileka kugwira ntchito. Anthu ambiri adagamula kale mlanduwu: amati imeneyi ndi njira ya makampani yodyera ndalama za amphawi. Chigamulo chimenechi n'chofunika kuchiunika modekha, pakuti muli choona m'kati mwake, komanso muli cholakwika chimene chikhoza kusaukitsa amene wachikhulupirira.

Dandauloli lili ndi pomwe lidachokera. Munthu amene adakulira ku Chilomoni adazolowera kuona makina osokera a Singer pa makonde a sitolo, makina amene telala adasiyiridwa ndi atate ake ndipo akusokabe mayunifolomu a ana a sukulu. Adaona wailesi ya Nzeru ikuyankhula zaka zambirimbiri pongoisinthira mabatire. Kwa iye katundu wabwino ndi amene wopanga adamaliza kumupanga, ndipo katundu akamatha amatha moonekera: khasu limafupika, tayala la njinga limasalala, denga la udzu limavunda. Tsono pulogalamu siichita dzimbiri, chiswe sichiidya, ndipo ngakhale itatsegulidwa kachikwi pa tsiku siiperepeseka. Ngati idagwira bwino ntchito dzulo, chaivuta lero n'chiyani? Funsoli si la munthu wosadziwa zinthu ayi. Ndi funso la munthu amene amawerengera ndalama yake.

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene anthu adalemba pouza makina chochita. Malangizo oyendetsa foni yamakono ndi mizere mamiliyoni ambiri, yolembedwa ndi anthu zikwizikwi amene ambiri a iwo sadaonanepo n'komwe. Wophunzira amene adalembapo chimangirizo cha masamba awiri, nachiwerenga katatu, koma mphunzitsi n'kupezamobe zolakwika, akhoza kulingalira yekha kuchuluka kwa zolakwika zimene zimatsalira m'ntchito yaikulu chotere. Opanga amaiyesa pulogalamu asanaitulutse, koma sangathe kuyesa zonse zimene idzakumane nazo. Sangadziwiretu chimene chidzachitike pamene netiweki yaduka pakati pa kutumiza ndalama, batire ili pafupi kutha, malo osungira zinthu mu foni adzaza ndi zithunzi za ukwati, ndipo mwini wake wadina batani kawiri chifukwa cha kufulumira. Zolakwika zotere zimadziwika pulogalamu ikafika m'manja mwa anthu, ndipo njira yozichotsera ndi imodzi yokha, ndiyo kutumiza malangizo okonzedwa.

Komabe, ngakhale pulogalamu italembedwa popanda cholakwika n'chimodzi chomwe, ikhoza kukalamba ili chikhalire, chifukwa dziko limene idalembedwera silikhala chimodzimodzi. Chitsanzo chili pakhomo pomwepa. M'chaka cha 2009 manambala a mafoni a m'manja m'Malawi adatalikitsidwa. Nambala imene idali ndi manambala 8 idakhala ndi manambala 10. Za TNM zidayamba ndi 088 ndipo za Zain, imene tsopano ndi Airtel, zidayamba ndi 099. Pulogalamu iliyonse imene idalembedwa kuti izilandira manambala 8 okha idasanduka yolakwika tsiku limenelo, ngakhale kuti palibe amene adaikhudza. Pamene Reserve Bank of Malawi idatulutsa ndalama ya pepala ya K2,000 mu 2016 ndi ya K5,000 mu 2022, makina owerengera ndalama adayenera kuphunzitsidwa kuizindikira. Boma likasintha msonkho, makina olembera malisiti m'sitolo za ku Limbe ayenera kuuzidwa, apo ayi azilipiritsa anthu molakwika mokhulupirika ndithu, popeza makina sakayika zimene adauzidwa.

Dziko lonse lidaphunzira zimenezi pamene chaka cha 2000 chinkayandikira. Akatswiri akale, pofuna kusunga malo m'makompyuta a nthawi yawo, ankalemba chaka ndi manambala awiri omaliza okha, kotero kuti 1985 inkalembedwa 85. Nzeru imeneyi idathandiza kwa zaka zambiri, koma padali mantha akuti 1999 ikatha makina adzawerenga 00 ngati 1900. Maboma ndi mabanki adawononga ndalama zochuluka pokonza mapulogalamu awo, ndipo tsikulo litafika mavuto adali ochepa. Ena adaseka nati akatswiri adangoopseza anthu, kuiwala kuti denga limene silidadonthe ndi lomwe lidafoleredwa mvula isanagwe. Katswiri wina wa makompyuta, Meir Lehman, adali atanena kale m'zaka za m'ma 1970 kuti pulogalamu imene ikugwiritsidwa ntchito pa zochitika za anthu iyenera kusinthidwa kosalekeza, ndipo ikapanda kutero phindu lake limanka lichepa. Ophunzira Chichewa sayenera kudabwa nazo izi. Malamulo a kalembedwe ka chiyankhulochi adatuluka mu 1973, nakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, osati chifukwa chakuti oyambawo adali mbuli, koma chifukwa chinthu chogwiritsidwa ntchito ndi anthu amoyo sichikhala pamodzi.

Chifukwa chachikulu koposa, chimenenso odandaula amachinyalanyaza, ndi mbava. Loko wa pa chitseko amalimbana ndi wakuba mmodzi kapena awiri a m'dera lomwelo. Pulogalamu yolumikizidwa ku intaneti imalimbana ndi akuba a dziko lonse lapansi, amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kufunafuna mng'alu woti alowerepo. Mng'alu ukapezeka m'foni imodzi, ndiye kuti wapezeka m'mafoni onse a mtundu umenewo, kaya ali ku London kaya ali ku Machinjiri.

Mu Malichi 2017 kampani ya Microsoft idatulutsa chigamba chotsekera mng'alu wina mu Windows. Ambiri adazengereza kuchilowetsa. Pa 12 Meyi chaka chomwecho pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry idalowera pa mng'alu womwewo, nimanga makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, n'kumalamula eni ake kuti alipire dipo ngati afuna kuonanso zolemba zawo. Zipatala zina za ku England zidabweza odwala chifukwa madokotala sankatha kutsegula mabuku a odwalawo. Mankhwala adalipo miyezi iwiri matenda asanabwere, koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu Meyi 2019 eni ake a WhatsApp adaulula kuti mudali mng'alu umene unkalola munthu kulowetsa pulogalamu yaukazitape m'foni ya mnzake pongomuimbira, ngakhale woimbiridwayo asayankhe. Pambuyo pake adanena kuti anthu pafupifupi 1,400 adachitidwa chipongwe chotere, ena mwa iwo atolankhani ndi omenyera ufulu wa anthu. Apa panalibe kusamala kulikonse kumene mwini foni akadachita. Chomuteteza chidali mtundu watsopano wa pulogalamuyo basi.

Pali mfundo ina pano imene imasowa m'makambirano a pa bawo. Anthu amaganiza kuti akakana apudeti ndiye kuti akhala m'mene adaliri dzulo. Zoona zake n'zakuti amakhala pangozi yoposa ya dzulo. Opanga akatulutsa chigamba, akuba nawo amachitenga nachiyerekeza ndi pulogalamu yakale, ndipo pomwepo amaona pamene padali mng'alu. Chigamba chimene chatseka khomo la amene achilandira chimalozeranso akuba khomo la amene sadachilandire. Zili ngati mfumu yalengeza pa msonkhano kuti maloko a mtundu wakutiwakuti amatseguka ndi msomali, ndipo yauza aliyense kuti akatenge loko wina kwaulere. Amene watsalira ndi loko wakale sali monga adaliri msonkhano usanachitike, pakuti tsopano mudzi wonse wadziwa chinsinsi cha chitseko chake.

Wina akhoza kunena kuti mayi wogulitsa tomato ku Ndirande alibe chimene kazitape angafune. Kale zikadamveka. Koma chiyambire pamene Airtel Money idayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, foni idasanduka chikwama. M'menemo ndimo mumadutsa ndalama ya lendi, ya fizi, ya mayunitsi a magetsi a ESCOM, ndi imene mwana wa ku Johannesburg amatumizira makolo ake. Ngakhale dzina lenilenilo la munthu ndi chuma: wakuba akalanda WhatsApp ya mlembi wa banki m'khonde kapena ya msungichuma wa kwaya, amalembera anzake onse m'dzina lake kuti wagwa m'mavuto, amutumizire ndalama msanga. Zoonadi, ambiri amaberedwa chifukwa chonyengedwa ndi mawu okoma mpaka kuulula nambala yawo yachinsinsi, ndipo palibe apudeti imene ingachize zimenezo. Koma kukhala ndi khomo limodzi losatseka si chifukwa chosiyira enanso pululu.

Pamenepa mlandu ukuoneka ngati wakomera makampani. Sudawakomere konse. Kuvomera kuti pulogalamu iyenera kukonzedwa n'kosiyana ndi kuvomera kakonzedwe kamene makampani adasankha, ndipo m'kakonzedwe m'menemu ndimo muli choona cha anthu odandaula aja.

Opanga mapulogalamu amamanga zinthu ziwiri m'mtolo umodzi. M'mtolomo mumakhala chigamba chofunikadi, chimene kawirikawiri chimakhala chaching'ono, pamodzi ndi zokometsera zimene palibe adapempha: tizithunzi tatsopano toseketsa, mabatani osunthidwa malo, ndi njira zatsopano zoonetsera malonda. Mwini foni saloledwa kumasula mtolowo kuti atenge mankhwala n'kusiya zokometsera. Amene amalemba mapulogalamuwa amakhala kumene intaneti ya m'nyumba siwerengedwa, ndipo foni zawo zimadzikonza zokha usiku iwo ali m'tulo. Wa ku Bangwe amagula bandulo ya tsiku limodzi ataiwerengera kuti ikwane kufunsa mitengo ya katundu ndi kulonjera abale. Apudeti imodzi ikhoza kuimeza yonse asanatumize uthenga n'umodzi womwe. Ikatha kulowa, pulogalamu imakhala yonenepa kuposa kale, ndipo foni yotsika mtengo, imene malo ake ndi ochepa, imayamba kuchedwa ndi kupempha mwini wake kuti afufute zithunzi za ana ake. Munthu wotere akanena kuti apudeti yamuonongera foni sakunama. Akunena zimene waona ndi maso ake.

Choposa pamenepa ndi kutayidwa. Kampani iliyonse imaika tsiku limene idzaleke kusamala pulogalamu yakale. WhatsApp idasiya mafoni a BlackBerry kumapeto kwa 2017, nisiya mafoni a Nokia a mtundu wa S40 kumapeto kwa 2018, ndipo mu Okutobala 2023 idasiya mafoni onse okhala ndi Android yotsikira pa 5.0. Microsoft idaleka kusamala Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025, pamene makompyuta ambiri amene ankagwirabe bwino ntchito sankaloledwa kulandira Windows 11 chifukwa cha zipangizo za m'kati mwake. Makampani amati sangasamale mitundu yonse mpaka kalekale, ndipo pali nzeru m'mawu amenewa, pakuti mtundu uliwonse wosungidwa umafuna antchito ouyang'anira. Koma masiku amenewa amawerengedwa poyang'ana wogula woyamba, amene amasintha foni pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Foni imene iye wataya ndiyo imadzafika pa benchi la ku Limbe, ndipo kompyuta imene ofesi ya kunja yatopa nayo ndiyo imadzaperekedwa ngati mphatso ku sukulu ya sekondale yoyendera, akuluakulu n'kuombera m'manja. Katunduyu amafika kuno masiku ake a chisamaliro atatha kapena atatsala pang'ono, ndipo pa bokosi palibe cholembedwa chouza wogula zimenezi. Mkaka wa m'sitolo umalembedwa tsiku lothera mphamvu. Foni, imene mtengo wake ungapose malipiro a mwezi wathunthu, siilembedwa.

Mwina makampani akadakhulupirika pakadapanda umboni wowatsutsa. WannaCry itabuka, Microsoft idatulutsa mwamsangamsanga chigamba cha Windows XP, imene idali italeka kuisamala zaka zitatu m'mbuyomo. Zidaoneka poyera kuti kusamala zakale n'kotheka pamene manyazi akula. Mu Disembala 2017 kampani ya Apple idavomera kuti mapulogalamu ake atsopano ankachedwetsa dala mafoni ena akale a iPhone. Idafotokoza kuti inkateteza mafoniwo kuti asamazime okha batire ikakalamba, koma popeza siidauze eni ake, boma la France lidailipiritsa chindapusa cha mayuro 25 miliyoni mu 2020. Ndiponso apudeti yeniyeniyo ikhoza kukhala matenda. Pa 19 Julayi 2024 kampani yoteteza makompyuta ya CrowdStrike idatumiza apudeti yolakwika imene idagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege n'kulephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala n'kuima. Amene adavutika tsiku limenelo ndi omvera, osati ozengereza.

Poona zonsezi, anthu a m'matauni adapeza njira zawozawo, ndipo zina mwa izo n'zoopsa kuposa vuto limene akuthawa. Achinyamata amapatsirana mapulogalamu kuchokera m'foni kupita m'foni pogwiritsa ntchito Xender kapena Bluetooth kuti asaononge bandulo. Nzeru yake ndi yomveka, koma wolandirayo sadziwa kumene pulogalamuyo idachokera ngakhale manja amene idadutsamo. Ena amalowetsa GB WhatsApp, imene ndi WhatsApp yosinthidwa ndi anthu osadziwika, chifukwa imawalola kuwerenga mauthenga ofufutidwa ndi kubisa kuti ali pa intaneti. Eni ake a WhatsApp amatseka manambala ogwiritsa ntchito mapulogalamu oterewa, koma chilango chimenecho n'chaching'ono poyerekeza ndi kupereka makalata ako onse kwa mlendo amene sudamuonepo nkhope. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene amakana apudeti ya kampani yodziwika, ponena kuti ndi akuba, amathamangira apudeti ya GB WhatsApp ikangotuluka. Okonza mafoni nawo, amene luso lawo n'losakayikitsa pa kusintha magalasi ndi kulumikiza timawaya, ena a iwo amalangiza makasitomala kuti azimitsiretu maapudeti onse kuti foni isamachedwe. Kasitomala amachoka akuthokoza, foni ikuthamanga, zitseko zonse zili pululu.

Sikuti palibe njira ina. Makampani omwewo adaonetsa kuti akafuna akhoza kupanga zopepuka: Facebook Lite idatuluka mu 2015 polingalira maiko amene intaneti ndi yodula, ndipo Google idakonza Android Go ya mafoni a mphamvu zochepa. Makompyuta akale a m'sukulu akhoza kukhalanso ndi moyo ataikidwa Linux, imene ndi yaulere. Mtundu wake wina wotchuka, Ubuntu, udayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi liwu lomwe lija m'Chichewa limati umunthu. Mitundu yake ya nthawi yaitali imasamalidwa kwaulere kwa zaka 5, ndipo tsiku lothera limalengezedwa poyambirira pomwe. Maiko a mu European Union adafika poika lamulo, limene lidayamba kugwira ntchito mu Juni 2025, lokakamiza opanga mafoni kupitiriza kupereka maapudeti kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene aleka kugulitsa mtundu wa foniyo. Lamulo lotere silibwera chifukwa cha chifundo cha makampani. Limabwera chifukwa ogula adadandaula kwa amene ali ndi mphamvu zolamula.

Malawi ndi msika waung'ono, ndipo sangaopseze Samsung kapena Google payekha. Komabe ali ndi bungwe la MACRA, limene limavomereza zipangizo zolumikizirana zolowa m'dziko, ndi Malawi Bureau of Standards, imene likulu lake lili mu Blantyre momwemo. Kufunsa oitanitsa mafoni kuti alembe pa bokosi chaka chimene chisamaliro chidzathe si chinthu chofuna ndalama zambiri. Makampani a mafoni nawo, amene adatha kukonza mabandulo apadera a WhatsApp ndi Facebook, sangalephere kukonza bandulo yotsika mtengo ya maapudeti, makamaka usiku pamene netiweki imakhala yopanda anthu ambiri. Iwo omwe ndiwo amapindula anthu akamakhulupirira kusunga ndalama m'foni.

Pakadali pano wogula ali ndi kachida kamodzi kamene ambiri sakadziwa. M'foni za Android, kuyambira pa mtundu wa 6.0, muli malo m'zokonzera za foniyo pamene pamalembedwa tsiku la chigamba chomaliza cha chitetezo chimene idalandira. Wogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe kapena ku Ndirande amayesa kamera, amayesa sipika, amafunsa ngati batire imasunga moto, nakangana ndi wogulitsa pa za mng'alu wa pa galasi mpaka mtengo utatsika. Tsiku lija likhoza kuoneka pa mphindi imodzi yokha, foni ili m'manja, ndalama isanatuluke m'thumba, ndipo likakhala la zaka zinayi zapitazo ndi chifukwa chomveka chotsitsira mtengo kuposa mng'alu wa pa galasiwo.